Wolemba Waganyu Asachoke Pamunda

Masiku ano maboma, mabanki ndi zipatala zambiri sizilemba zokha mapulogalamu a kompyuta amene zimagwiritsa ntchito. Zimapangana ndi kampani ya akatswiri kuti ilembe pulogalamuyo pa mtengo womvana. Mchitidwewu ngwabwino, pakuti akatswiri otere ngosoŵa, komabe uli ndi mbuna zake. Zimene zidachitika m'chigawo cha Queensland, ku Australia, ndi phunziro kwa mwini ntchito ndi kwa woigwira yemwe.

M'chaka cha 2007 boma la Queensland lidapangana ndi kampani ya IBM kuti ikonze pulogalamu yatsopano yoŵerengera malipiro a antchito a zaumoyo, amene adali pafupifupi 78,000. Mtengo woyamba udangopitirira pang'ono madola a ku Australia 6 miliyoni, ndipo ntchitoyo idayenera kutha mu 2008. Koma pulogalamuyo idayamba kugwira ntchito mu Malichi 2010, ndipo pomwepo mavuto adabuka. Anamwino ndi antchito ena zikwizikwi adalandira ndalama zopereŵera, ena zopitirira, ndipo ena sadalandire konse. Mu 2012 akatswiri oŵerengera ndalama a KPMG adapeza kuti kukonza ndi kuyendetsa pulogalamuyo kudzadya madola 1.2 biliyoni pa zaka zisanu ndi zitatu.

Kumapeto kwa 2012 boma lidasankha woweruza wopuma, a Richard Chesterman, kuti afufuze nkhaniyi. Iwo adapeza kuti kasankhidwe ka kampaniyo sikadayende mwachilungamo, koma adadzudzulanso boma lenilenilo.

Cholakwa choyamba chidali chakuti boma silidafotokoze momveka zimene linkafuna. Malipiro a m'zipatala ngovuta kuŵerengera: pali ogwira usiku, ogwira pa tchuthi ndi opitiriza maola, kotero kuti njira zolipirira zidaposa 24,000. Zonsezi mwini ntchito ndiye amazidziŵa, osati mlendo. Popeza sizidalembedwe bwino poyamba, zidayamba kutulukira ntchito ili mkati. Panganolo lidasinthidwa kangapo, mtengo nkukwera, masiku nkumapita.

Chachiŵiri chidali kunyozera chenjezo. Oyesa pulogalamuyo adapeza zolakwika zambiri, koma m'malo mozikonza zonse, oyang'anira adatsitsa zina mwa izo pa mndandanda wa zoopsa kuti tsiku loyambira lisasunthenso. Adaiŵala kuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiponso kuti kuthamanga sikufika.

Chachitatu chidaonekera ku bwalo la milandu. Boma lidasumira IBM mu 2013, koma mu 2015 bwalo lalikulu la Queensland lidagamula kuti pangano lina limene boma lidasaina mu 2010 lidamasula kale kampaniyo ku mlandu wotere. Nayo kampaniyo sidatuluke yoyera, pakuti mu 2013 idaletsedwa kulandira ntchito zatsopano za boma la chigawocho. Motero onse aŵiri adaluza.

Tsono pangano lotere lingayende bwanji? Mwini ntchito asankhe munthu wake mmodzi wodziŵa bwino ntchitoyo, wokhala ndi mphamvu zoyankha mafunso a olemba pulogalamu tsiku lomwelo. Ntchito igaŵidwe m'zigawo zazing'ono, ndipo chigawo chilichonse chiyesedwe ndi anthu amene adzachigwiritse ntchito ndalama zake zisanalipidwe. Pa nkhani ya malipiro, njira yakale ndi yatsopano ziyendere limodzi kwa kanthaŵi, mpaka ziŵerengero zake zitafanana. Pangano linene poyera mmene kusintha kulikonse kudzavomerezedwere ndi amene adzakulipire.

Nayo kampani ili ndi mbali yake. Isatchule mtengo wotsika pongofuna kupambana anzake, poyembekeza kudzabweza ndalama pa zosintha. Ikaona kuti zofuna za mwini ntchito sizikumveka, ifunse isanalembe mzere ngakhale umodzi. Ikaona kuti tsiku lolonjezedwa silitheka, inene msanga ngakhale mawuwo aŵaŵe.

Achinyamata amene akutsiriza sukulu nalakalaka ntchito ya kompyuta azindikire kuti luso lolemba pulogalamu palokha silikwanira. Pafunikanso luso lomvetsera, lofunsa ndi lolemba momveka zimene anthu agwirizana, ndipo maluso ameneŵa amayambira m'kalasi, kwa aphunzitsi. Mlimi akalemba waganyu amamuonetsa malire a ndime, nabwera kudzaona mizere dzuŵa lisanaloŵe. Khasu angampatse waganyuyo, koma mizere ikapotoka, njala imagwa m'nyumba ya mwini munda.