TINTHATA TA M'NTHAKA YA BOWA WA TRUFFLE

Ku maiko a France, Spain ndi Italy kuli bowa wochedwa truffle, umene suturukira pamtunda konse ai. Umakulira m'kati mwa nthaka pa mizu ya mitengo ya oak ndi hazel, ndipo pokaukumba alimi amatsogoza agaru ophunzitsidwa kununkhiza. Truffle wakuda amakonda nthaka ya laimu, nakhwima m'nyengo yozizira ya kumeneko, kuyambira December kufikira March. Amagulidwa ndi ndalama zambiri.

Bowa ameneyu ndi mtengo zimathandizana. Ulusi wa bowa umakuta timizu, numwetsa mtengo madzi ndi mcere wa m'nthaka, ndipo mtengo umabwezera cakudya cimene masamba ace apanga. Pamene bowa wakhazikika, udzu wozungulira tsinde umafota, malo naoneka ngati opserera. Afalansa amacha malowo brûlé.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 dziko la France linkakumba matani ofika 1,000 pa caka. Nkhondo ziwiri zazikuru zitatha anthu a m'midzi ndi kusiya nkhalango zopanda wozisamala, zokolola zinatsika kufikira matani makumi owerengeka okha. Cifukwa ca ici akatswiri anayamba kupenyetsetsa nthaka yeniyeniyo ndi zamoyo zokhalamo.

Mwa zamoyozo muli tinthata, abale a nkhupakupa ndi kangaude, ta miyendo 8. Tambiri sitifika milimita imodzi, koma m'nthaka ya m'nkhalango timapezeka zikwi makumi ambiri pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Njira yotiwerengera anaiyamba Antonio Berlese wa ku Italy m'caka ca 1905: dothi amaliika pa sefa nalitenthetsa pang'ono, ndipo tinthata pothawa kuuma timagwera m'botolo.

Tinthata tiri m'magulu, gulu liri lonse ndi nchito yace. Tochedwa Oribatida tiri ndi cikamba colimba, ndipo timadya masamba obvunda ndi ulusi wa nkhungu ndi wa bowa. Zitosi zace ndizo zimasanduka dothi lakuda lofewa. Poyendayenda timanyamulanso mbeu za bowa pathupi ndi m'mimba. Tochedwa Mesostigmata ndito tosaka: timagwira tizirombo tinzace pamodzi ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Cotero mwini munda wa truffle akadziwa mitundu imene iri pa brûlé ndi imene iri kunja kwace, wadziwa ngati nthaka yace iri yamoyo kapena yatopa.

Tsono ife alimi a cimanga ndi fodya titolapo ciani? Truffle sitilima, koma abale a tinthata tomweti ali m'minda mwathu, ndipo bowa wambiri amene amai amazula pa dzinja amakhala pa mizu ya mombo ndi msuku monga truffle akhalira pa oak. Tikagwetsa mitengoyo kuti tipeze nkhuni zocizira fodya, bowayo amatha nayo.

Tinthata timakhala m'zinyalala ndi m'dothi la pamwamba peni peni. Moto wa lupsa umatipha nutha cakudya cace, dzuwa likaomba pa nthaka yosabvundikira timauma, ndipo madzi okokolola amatitenga pamodzi ndi dothilo. Tikasowa, mapesi amacedwa kuola ndipo conde cimabwerera mocedwa.

Cifukwa cace tikupemphani, acikumbe, musatenthe mapesi mutakolola. Akwirireni m'mizere kapena apangeni manyowa. Koma mapesi a fodya okha azuleni ndi kuwaononga pa nthawi yace monga alangizi anenera, pakuti amasunga matenda. Tinthata tosaka sitingathe tokha nyongolotsi zotupitsa mizu ya fodya, cotero musaleke kasinthasintha wa mbeu. Konzani akalozera kuti dothi lisacoke, ndipo podula nkhuni siyaniko mombo ndi msuku m'mbali mwa munda.