Mfuti, Mwazi ndi Mlandu wa Mudzi kwa Dzoole

Wansembe amene atumidwa kukaŵeta nkhosa za Mulungu kwa Dzoole, kapena m'timatauni monga Mponela ndi Madisi, ayenera kudziŵa kuti mfuti si mlendo m'dziko la Dowa. Yafikamo mwamphamvu kaŵiri, ndipo kaŵiri konseko idapeza khomo lotsekula kale.

Poyamba munali m'zaka za m'ma 1800, pamene amalonda a Jumbe wa ku Nkhotakota ankakwera mapiri a Ntchisi ndi Dowa atasenza nsalu, wonga ndi mfuti za gogodela, nabwerera kunyanja ndi minyanga ya njovu ndi akapolo. Acheŵa, poopa Angoni a Chiwere, ankamanga malinga, ndipo mfuti inkaoneka ngati chipulumutso. Koma kaŵirikaŵiri mtengo wake unali munthu mnzawo. Samuel Nthara adalemba mbiri ya Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Chibanzi, amene adatchuka m'masiku a malonda ameneŵa. Pambuyo pake mfumuyi idalandira Uthenga Wabwino wochokera ku mishoni ya Kongwe, imene a mpingo wa Dutch Reformed adatsekula mu 1894, ndipo idayamba kudziŵika ndi ulimi m'malo mwa nkhondo.

Kachiŵiri munali m'nthaŵi ya nkhondo ya pachiŵeniŵeni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 kufikira 1992. Malaŵi adalandira othaŵa nkhondo opitirira miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo anthu osalakwa; koma m'njira zomwezo mudadzeranso mfuti za AK-47. Mu Disembala 1993 asilikali a boma adalanda zida za Apayoniya, ena mwa iwo nathaŵa ndi mfuti zawo. Kuyambira pamenepo achifwamba okhala ndi mfuti adayamba kuopseza eni masitolo ndi alimi amene angolandira ndalama za fodya.

Kodi makolo athu ankati chiyani za mwazi wa munthu? Ankakhulupirira kuti wopha mnzake, ngakhale kunkhondo, amagwidwa chirope, nthenda yosokoneza mutu, ngati sasambitsidwa ndi mankhwala asanaloŵe m'mudzi. Tanthauzo lake nlozama: mwazi wokhetsedwa sukhala chinsinsi cha munthu mmodzi, umadetsa mudzi wonse. Malembo Oyera aphunzitsa zomwezo pa nkhani ya Kaini, amene nthaka yomwe idamkana chifukwa cha mwazi wa mbale wake. Moyo ngwa Mulungu, ndipo munthu aliyense ndi mlonda wa mbale wake.

Mfuti imafooketsa mantha oyeraŵa, pakuti imapha munthu ali patali, usiku, wakuphayo osaona nkhope ya amene wamupha. Komabe mfuti siyenda yokha. Wachifwamba ali ndi malume wake, ali ndi nyumba imene amabisamo chida, ali ndi anzake amene amamwa moŵa wa ndalama zake osafunsa kumene zachokera. Akulu adati khoswe akakhala pa mkhate sapheka: chibale, chimene chiyenera kuteteza moyo, chimasanduka chophimba tchimo. Tsono anthu akatopa, amagwira mbala naitentha pamsika, ndipo mwazi umene unali pa mutu wa mmodzi ugwera khamu lonse, akhristu ali momwemo.

Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha 1965, udaphunzitsa kuti mtendere weniweni umabadwa m'chilungamo, osati m'kungoleka kumenyana. Pamenepa ndi pamene pali ntchito ya miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe pa sinodi ya 1973 mpaka 1975. Mphakati ndiwo malo amene akhristu adziŵana maina, nangathe kudzudzulana chinthu chisanaipe, kusamala wamasiye amene mwamuna wake adaomberedwa, ndi kuperekeza mboni yamantha kwa mfumu kapena kupolisi.

Wansembe nayenso ali ndi gawo lake. Za m'Sakramenti la Kulapa sangaziulule, ngakhale zitavuta chotani. Koma ayenera kuuza wolapayo mosabisa kuti kulapa koona kumafuna kubweza zakuba ndi kulekana nayo mfutiyo. Pamaliro a wophedwa asangotonthoza olira, koma afunsenso mudzi funso limene Mulungu adafunsa Kaini.