Kamera yajambula bwino, nanga kompyuta ikukaniranji?

Nyengo ya maukwati ikafika, foni yanga imalira kwambiri Lolemba. Oimba amakhala achinyamata omwe ajambula ukwati Loweruka ndi kakamera kotsika mtengo, kogula m'tauni kapena kotumiziridwa ndi mbale wa ku Joni. Wina amati, "Akulu, pa kamera vidiyo ikuoneka bwinobwino, koma ndikaiponya mu Premiere ikukana." Wina amati yalowa koma ilibe mawu. Winanso amati chithunzi chikuyenda motsimphina, kapena milomo ya abusa ikutsogola, mawu n'kumabwera m'mbuyo. Ambiri amakhala atagamula kale kuti kamera ndi yachinyengo kapena laputopu yatha ntchito. Ine ndimawakhazika mtima pansi, chifukwa nthawi zambiri zomwe anajambulazo zimakhala zili bwino lomwe. Chimene chimasowa ndi kudziwa zomwe zili m'kati mwa fayilo.

Dzina la fayilo ya vidiyo limathera ndi zilembo monga MP4, MOV, AVI kapena MTS, ndipo anthu amayesa kuti zilembozo zanena zonse. Zimangotchula mtundu wa thumba basi. Kumsika thumba lolembedwa kuti feteleza limatha kukhala ndi chimanga, mtedza kapena makala, ndipo wogula wochenjera amamasula kaye n'kusuzumira. M'thumba la vidiyo mumakhala zithunzi ndi mawu, chilichonse chopanikizidwa m'njira yakeyake, yomwe pa ntchito yathu timaitcha codec. Kupanikizako n'kosapeweka, poti ola limodzi la zithunzi za 1920 x 1080 zosapanikiza lingadye magigabayiti opitirira 300. Tsono mafayilo awiri akhoza kukhala a MP4 onse, ina ili ndi H.264, yomwe inakhazikitsidwa mu 2003 ndipo pafupifupi kompyuta iliyonse imaidziwa, inayo ili ndi H.265 ya mu 2013, yomwe ena amaitcha HEVC. Pulogalamu yanu idzalandira yoyambayo n'kukana yachiwiriyo, inu n'kumadabwa poti maina akufanana.

"Koma mu VLC ikusewera," amatero ondiimbira. Zoona. VLC imabwera ndi zomasulira zake za ma codec ochuluka zedi, choncho sikana zambiri. Mapulogalamu ena oeditira amadalira zomwe Windows ili nazo, kapena zomwe kampani yawo inalipirira chilolezo, pakuti H.264 ndi H.265 zili ndi eni ake. N'chifukwa chake pa Windows nthawi zina mumafunika kuwonjezera HEVC Video Extensions kuti H.265 iwerengeke. Ngakhale mutawonjezera, malaputopu ambiri opangidwa 2015 isanafike alibe chipangizo chomasulira H.265 mwachindunji, ndiye ntchito yonse imagwera purosesa, fani n'kumalira, chithunzi n'kumaima. Shotcut ndi Kdenlive, omwe ndi aulere, amatsegula mafayilo ambiri okanidwa kwina chifukwa pansi pawo pali FFmpeg, pulogalamu yomwe Fabrice Bellard anaiyamba mu 2000.

Ndiye musanakhudze china chilichonse, ikani MediaInfo. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, siidya bandulo. Mukaponyamo fayilo, ikuuzani codec ya zithunzi, kukula kwake, kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, ngati kuchulukako kuli Constant kapena Variable, ngati zithunzizo zili Progressive kapena Interlaced, komanso mtundu wa mawu. Munthu akanditumizira zomwe MediaInfo yalemba, ndimatha kumuuza vuto lake ndisanaione vidiyo. Akandiuza kuti "ndi MP4" basi, sindikhala ndi poyambira.

Pano ndinenepo za makamera opanda dzina lodziwika omwe pabokosi amalemba 4K ndi zilembo zikuluzikulu. Ambiri mwa iwo diso lawo la m'kati ndi laling'ono, ndipo amangofutukula chithunzi chochepa kuti manambala akwane. Fayilo imalemera, kompyuta imavutika, koma kuoneka kwake sikusintha. Ena amachepetsanso zithunzi pa sekondi mukasankha 4K, mwakuti operekeza akwati akamavina amaoneka modukaduka. Kamera yotere ndimalangiza kuiika pa 1080 kapena 720, pomwe imagwira ntchito momasuka. Sindikuinyoza ayi. Anyamata ambiri aluso anayambira pa makamera omwewa, ndipo makolo amalandira vidiyo ya mwana wawo ndi chimwemwe chenicheni ngati nkhope zikuoneka ndipo mawu akumveka.

Za chithunzi chotsimphina zija n'zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa ndi zomwe zimagulitsitsa anthu malaputopu abwinobwino. H.264 siisunga chithunzi chilichonse chathunthu. Imasunga chimodzi chathunthu, kenako pa zotsatira zingapo imangolemba zomwe zasintha: dzanja lasuntha apa, mutu watembenuka apo, khoma la tchalitchi lili pomwe linali. Zithunzi zina zimadalira ngakhale zomwe zili kutsogolo kwake. Mukamangoonera kuchokera koyamba mpaka kumapeto, zimenezi sizivuta. Koma woedita saonera motero. Amalumpha, amabwerera m'mbuyo, amadula pakati penipeni pa sekondi. Nthawi iliyonse mukaima pa chithunzi chosakwanira, kompyuta imabwerera kukafuna chathunthu chija n'kuwerengetsa zosintha zonse mpaka pomwe mwaima. Mukasanjikiza makamera awiri, n'kukonzanso mitundu, laputopu ya memori yochepa imagwira njakata.

Njira zothana nazo zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusandutsa mafayilo kukhala a codec yopangidwira kueditira, monga ProRes ya Apple kapena DNxHD ya Avid, momwe chithunzi chilichonse chimakhala chathunthu. Kompyuta imapepukidwa, koma malo amatha msanga. Kamera yojambula pa 24 Mbps imadya pafupifupi magigabayiti 11 pa ola, pamene ola lomwelo mu ProRes 422 limafika pafupifupi 55. Ukwati wa kwathu kuno, kuyambira kutchalitchi, kukajambulitsa kumaluwa, mpaka perekaniperekani atatha, ndi maola ambiri, ndipo hadi disiki yaing'ono imadzaza ndi ntchito imodzi. N'chifukwa chake ine ndimakonda njira yachiwiri, ya ma proxy. Pulogalamu imapanga timafayilo topepuka toeditira, ndipo potulutsa vidiyo yomaliza imabwerera ku mafayilo enieni. Premiere, DaVinci Resolve, Vegas, Shotcut ndi Kdenlive zonse zimatha zimenezi. Isiyeni kompyuta ipange ma proxy usiku magetsi akadalipo, m'mawa mudzaipeza ikuyenda myaa.

Nthawi zina vuto limakhala thumba lokha, zam'kati zili bwino. Apa sipafunika kupanikizanso zithunzi, koma kungozisamutsira m'thumba lina. Mu Shutter Encoder, yomwenso ndi yaulere, sankhani Rewrap. Odziwa FFmpeg amalemba -c copy. Zimatha m'kanthawi kochepa ndipo chithunzi sichiwonongeka ngakhale pang'ono. Mawu akakhala kuti ndiwo akukanidwa, monga AC-3 ya makamera ena kapena ADPCM ya timakamera totchipa, sinthani mawu okhawo akhale PCM kapena AAC pa 48 kHz, zithunzi zikhale momwe zilili. Omwe muli ndi makamera akale a JVC Everio otulutsa mafayilo a MOD, m'kati mwake muli MPEG-2 wamba, ndipo kungosintha dzina kuti lithere ndi MPG kumakwanira nthawi zambiri. Anthu akaoneka atali ndi owonda, uzani pulogalamu kuti chithunzicho ndi cha 16:9.

Makamera a Sony, Panasonic ndi Canon ambiri omwe amafika kuno ngati akaunjika amajambula AVCHD, yomwe Sony ndi Panasonic anaitulutsa mu 2006. Mukatsegula khadi mupeza foda ya PRIVATE, m'kati mwake AVCHD, kenako BDMV, ndipo mavidiyo ali mu STREAM. Chizolowezi cha ambiri ndi kutola mafayilo a MTS okha n'kusiya zotsalazo. Musatero. Makhadi a magigabayiti 32 kutsika m'munsi amagwiritsa ntchito FAT32, yomwe siilola fayilo imodzi kupitirira magigabayiti 4, choncho ulaliki wautali kamera imaudula m'zidutswa, ndipo chidziwitso cha momwe zidutswazo zimalumikizirana chili m'mafoda enawo. Mukalumikiza ndi manja, pamfundopo pamatha kusowa kachidutswa ka mawu, mwina pomwe akwati akulumbira. Koperani khadi yonse momwe ilili. Ndipo khadi iliyonse ikhale ndi foda yakeyake, chifukwa kamera imayamba kuwerenga pa 00000.MTS khadi ikakhala yatsopano kapena yofufutidwa. Mukathira makhadi awiri malo amodzi, kompyuta n'kufunsa ngati ilembe pamwamba pa fayilo ya dzina lomwelo, inu n'kuvomera mothamanga, mwambo wa kutchalitchi wapita, ndipo ukwati subwerezedwa.

Mawu otsalira m'mbuyo gwero lake kawirikawiri ndi Variable ija. Mafoni ndi makamera otchipa amasinthasintha kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi, makamaka kuwala kukachepa, pamene mawu akuyenda pa liwiro limodzi. Pulogalamu yoeditira ikawerenga zithunzizo ngati zotalikirana mofanana, kusiyanako kumakula pang'onopang'ono. Koyambirira zonse zili bwino, pofika kumapeto kwaya ikutsegula pakamwa nyimbo isanafike. Kudula mawu n'kumawakankha ndi manja ndi kudzizunza. Lowetsani fayiloyo mu HandBrake, sankhani Constant Framerate, ikani nambala yomwe mukueditira, ndipo pa Quality ikani RF 18 kapena pafupi pamenepo. Nambala ya RF ikatsika, chithunzi chimasungika bwino koma fayilo imakula.

Nambala yoeditirayo kwathu kuno ikhale 25 kapena 50. Magetsi a m'Malawi amayenda pa 50 Hz, ndipo wailesi za kanema za kuno zimatsata zithunzi 25 pa sekondi. Kamera yopangidwira msika wa ku America imabwera ili pa 30 kapena 60, ndipo mukajambula nayo mu holo ya machubu kapena mababu a LED otchipa, chithunzi chimaphethira kapena kuonetsa mizere yoyenda. Zimenezi n'zovuta kuchotsa pa kompyuta, koma n'zosavuta kupewa: fufuzani mu menyu ya kamera pomwe palembedwa PAL, 50 Hz kapena Anti-flicker. Kamera ikakhala yopanda zimenezi, ikani shata pa 1/50 kapena 1/100 ngati imalola. Ngati mnzanu akuthandizani kujambula ndi foni, gwirizanani nambala imodzi musanayambe. Ndipo MediaInfo ikalemba Interlaced, monga 1080i, manja a ovina adzaoneka ndi timizere m'mbali pa foni ndi pa laputopu pokhapokha mutayatsa Deinterlace.

Chomwe chimandipweteka mtima ndi munthu wobwera ndi fayilo yomwe yadutsa kale m'makonveta atatu, yoyambirira atafufuta kuti apeze malo. Kupanikiza kulikonse kumataya zina zomwe sizibwereranso. WhatsApp nayo imachepetsa vidiyo kwambiri mukaitumiza mwachizolowezi, choncho mafayilo oeditira aziyenda pa fulashi kapena hadi disiki. Masamba a pa intaneti osinthira mavidiyo amamaliza bandulo, komanso mumakhala mutapereka mwambo wa banja la eni kwa anthu osawadziwa. Sinthani kamodzi kokha, kuchokera ku fayilo yoyambirira, ndipo yoyambirirayo isungidwe malo awiri mpaka eni ntchito atalandira vidiyo yawo n'kukhutira.

Pali mafayilo ena omwe amakana chifukwa ndi owonongekadi. MP4 ndi MOV zimalemba kalozera wake pomwe mwadina batani loimitsa, ndiye batire ikatha kamera ili m'kati mojambula, fayilo imaoneka yaikulu koma siitseguka. Musaifufute. Kapulogalamu kotchedwa untrunc kamatha kuikonza nthawi zina, mukakapatsa fayilo ina yabwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo mosasintha kalikonse mu menyu. Makhadi achinyengo nawo alipo, olembedwa 64 kapena 128 pamene m'kati muli malo ochepa, ndipo zomwe zapitirira malo enieniwo zimangotayika. Khadi yatsopano iyeseni ndi H2testw musanapite nayo ku ntchito, ndipo ikhale ya Class 10 kapena kuposa.

Kamera ikakhala yachilendo kwa inu, yobwereka kaya yogula kumene, iyeseni Lachitatu kapena Lachinayi, osati tsiku la ukwati. Iikeni pathebulo madzulo, mababu atayaka, ijambule mphindi 30 osaimitsa. Ombani m'manja kamodzi patsogolo pake koyambirira, kenanso kumapeto. Koperani khadi yonse, werengani zomwe MediaInfo ikunena, lowetsani mu pulogalamu yomwe mumaeditira, ndipo pitani pa kuomba kwachiwiri kuja. Manja akakumana pomwe phokoso lamveka, pitani mukajambule. Akasemphana, dziwani kuti mafayilo onse a kamera imeneyo adzayenera kudutsa kaye mu HandBrake, ndipo pouza ankhoswe tsiku lodzatenga vidiyo, muwonjezerepo masiku a ntchito imeneyo.