Kusankha pulogalamu yolembera pa seva kufunika kusamala ku Dowa ndi Ntchisi

Ogwira ntchito za makompyuta m'maofesi a boma ku Dowa ndi Ntchisi, amene amalowa pa seva ya kutali monga ku Lilongwe, ayenera kusamala posankha pulogalamu yolembera mafayilo, kaamba koti netiweki ikaduka, monga zimachitikira m'madera a mapiri, ntchito ya anthu ambiri ingathe kuwonongeka.

Seva ndi kompyuta imene anthu ambiri amagwiritsa ntchito nthawi imodzi. Mwachitsanzo, DHIS2, yomwe maofesi a zaumoyo amatumizirapo malipoti, kawirikawiri imaikidwa pa seva za Linux. Wokonza seva zotere ali kutali amalowa kudzera pa SSH, njira imene Tatu Ylönen wa ku Finland anayambitsa mu 1995.

Pa netiweki yofooka, mapulogalamu otumiza malemba okha ndiwo oyenera, pakuti a zithunzi amachedwa. Pulogalamu ya vi, yomwe Bill Joy analemba mu 1976, inapangidwa poganizira mizere ya lamya yoyenda pang'onopang'ono, koma imafuna maphunziro chifukwa malamulo ake ngoloweza pamtima. Vim, imene Bram Moolenaar anatulutsa mu 1991, imasunga fayilo yapadera yothandiza kubwezeretsa ntchito netiweki ikaduka. Fayilo yomweyo imachenjeza munthu wachiwiri akatsegula zimene mnzake akukonza.

Kwa ongoyamba kumene, GNU nano ndiyo yosavuta popeza malamulo ake amaoneka m'munsi mwa sikirini.

Nkhani ina ndi ya chitetezo. Vim imalola wolemba kupereka malamulo ku seva asanatuluke m'pulogalamuyo, choncho amene waitsegula ndi mphamvu za woyang'anira angathe kufika paliponse, ngakhale pa mafayilo a anzake. N'chifukwa chake nkofunika kuti ofesala aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, ndipo mafayilo ofunika azikonzedwa kudzera pa sudoedit, yomwe siipereka mphamvuzo kwa pulogalamu yolembera.

Motero, woyang'anira seva angachite bwino kuika nano ngati pulogalamu ya aliyense, Vim ikhale ya akatswiri. Awonjezerenso tmux kuti ntchito izidikira mwini wake magetsi akathima ku ofesi, ndi kutsimikiza kuti seva ikugwiritsa ntchito UTF-8 kuti chilembo cha ŵ chisamasokonekere m'zikalata za boma.