Kubisa Masipika m'Pikapu Yakale

Pa misewu ya dziko lino pakuyendabe magalimoto ena amene adapangidwa eni ake a lero asanabadwe. Alipo mapikapu a Peugeot 404, amene ku Kenya adapitiriza kuwalumikiza mpaka chaka cha 1991. Alipo a Datsun 620 a pakati pa 1972 ndi 1979, ndiponso ma Land Rover akale amene adanyamula fodya, odwala ndi akwati kwa zaka zambirimbiri. Ku America nako anthu amasunga mapikapu a Ford ndi Chevrolet a m'ma 1950 ngati chuma cha pabanja. Mwini galimoto lotere amafuna zinthu ziŵiri zimene kaŵirikaŵiri zimalimbana: kuti amve nyimbo ndi nkhani bwino pa ulendo, komanso kuti galimoto lake likhalebe monga lidachokera kufakitale.

Ambiri alakwa pa chifukwa cha changu. Munthu amagula masipika m'maŵa, masana waboola kale chitseko, ndipo pofika madzulo wazindikira kuti galasi silikutsikanso chifukwa likugunda maginito a sipika. Chitsulo chikadulidwa sichimeranso, ndipo chitseko cha galimoto la zaka 50 sichipezeka m'sitolo. Kubisa masipika kumateteza mtengo wa galimotolo, ndiponso kumachititsa kuti mbala yosuzumira pazenera isaone chokopa maso.

Chifukwa chake malo amasoŵa

Amisiri amene adapanga magalimoto ameneŵa sadaganizire za sitiriyo. Wailesi ya m'galimoto idayamba kufala mu 1930, pamene kampani ya Paul Galvin ku Chicago idatulutsa wailesi yotchedwa Motorola. Chaka chotsatira, mu 1931, Alan Blumlein wa ku England adalembetsa luso lake lojambula mawu m'njira ziŵiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Koma lusoli lidatenga zaka zoposa 30 kuti liloŵe m'magalimoto a anthu wamba. Kaseti ya Philips idatuluka mu 1963, ndipo Ford idayamba kuika matepi a sitiriyo m'magalimoto ake mu 1965. Pikapu inali galimoto la ntchito. Ikakhala ndi wailesi, inali ndi sipika imodzi yokha pa dashibodi, ndipo zambiri zinalibe n'komwe.

Kuwonjezera apo, kebini ya pikapu ndi yopanikiza. Mpando umodzi wautali umachoka chitseko ichi kukafika chinacho, ndipo kuseri kwake kuli khoma lachitsulo. Palibe buti, palibe shelefu ya kumbuyo monga m'magalimoto aang'ono. Choncho malo obisa masipika ayenera kufunidwa ndi nzeru.

Mmene mawu amayendera

Kuti munthu asankhe malo abwino, ayenera kudziŵa zinthu zitatu za mawu.

Choyamba, mawu amayenda mumpweya mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo amayenda ngati mafunde. Mawu akuya, amene achinyamata amati besi, ali ndi mafunde aatali: funde la mawu onjenjemera ka 100 pa sekondi limatalika mamita oposa atatu, kuposa kebini yonse. Mawu otere amazungulira mpando ndi miyendo popanda chovuta, ndipo akakhala akuya kwambiri khutu silizindikira kumene akuchokera. Koma mawu okwera, monga a chisekese kapena a nsambo yaing'ono ya gitala, ali ndi mafunde aafupi: a ka 10,000 pa sekondi safika ngakhale masentimita anayi. Ameneŵa amayenda molunjika ngati kuŵala kwa tochi, ndipo nsalu yochindikala ya mpando imawameza. Tanthauzo lake n'lakuti sipika ya besi ingabisidwe paliponse, koma ya mawu okwera iyenera kukhala ndi njira yofikira kukhutu.

Chachiŵiri, sipika imatulutsa mawu kumaso ndi kumbuyo nthaŵi imodzi. Ikakankha mpweya kumaso, kumbuyo imakhala ikukoka. Ikasiyidwa poyera, mafunde aŵiriŵa amakumana m'mphepete n'kufafanizana, ndipo besi yonse imatha. N'chifukwa chake sipika yongoponyedwa pansi pa mpando imalira ngati chitini. Iyenera kumangidwa pa thabwa kapena m'bokosi lolekanitsa kumaso ndi kumbuyo, lopanda ming'alu yotulutsa mpweya.

Chachitatu, khutu limakhulupirira mawu amene afika poyamba. Izi adazifufuza Helmut Haas ku Göttingen, m'dziko la Germany, mu 1949. Mawu amodzimodzi akachokera mbali ziŵiri, womvera amamva ngati onse akuchokera ku sipika yapafupi. M'dziko lino woyendetsa amakhala kumanja. Sipika ikakhala pachitseko chake, mwina masentimita 60 kuchokera kukhutu, pamene inzake ili masentimita 130, kusiyana kwa masentimita 70 kumeneku n'kokwanira kukokera gulu lonse la oyimba m'chitseko cha kumanja. Malo abwino ndi amene amachepetsa kusiyana kwa mitunda iŵiriyi.

Malo anayi obisamo

Malo oyamba ndi bowo lakale la pa dashibodi. Alipo masipika opangidwira ntchito imeneyi, aŵiri aang'ono omangidwa pa chimango chimodzi, oloŵa m'bowo lomwelo popanda kudula kanthu. Mawu ake amagunda galasi la kutsogolo n'kubwerera kwa okwera, motero nkhani za pa wailesi zimamveka bwino. Kuipa kwake n'kwakuti masipikawo amayandikana kwambiri, ndipo kumanzere ndi kumanja sikusiyana kwenikweni.

Malo achiŵiri ndi m'makoma a kumapazi, pansi pa dashibodi, patsogolo pa zitseko. Amisiri ambiri amakonda pamenepa chifukwa masipika onse aŵiri amakhala kutali ndi mutu wa woyendetsa, ndipo mitunda yake imayandikira kufanana. Mmisiri amachotsa chikuto chakale n'kuchisunga, nasema china cha thabwa lopyapyala cha muyeso womwewo, naboolamo malo a sipika ya mainchesi anayi kapena asanu, n'kukuta zonse ndi nsalu yofanana ndi ya m'kebini. Nsaluyo iyesedwe poipuzira mpweya ndi pakamwa: ikalola mpweya kudutsa, idzalolanso mawu. Koma asanamange, woyendetsa akhale pampando, aponde mabuleki ndi zopondera zina mpaka pansi, aone ngati phazi silikukodwa. Nyimbo yokoma siingaloŵe m'malo mwa mabuleki.

Malo achitatu ndi pansi pa mpando. Apa mpoyenera bokosi lathyathyathya la besi, popeza mawu akuya safuna njira yolunjika. Bokosilo limangidwe zolimba, pakuti chinthu cholemera chosamangidwa chimathamangira kumapazi galimoto likaima mwadzidzidzi. Likwezedwenso pang'ono kuchoka pansi, chifukwa mphira za zitseko zakale zimaloŵetsa madzi nyengo ya dzinja.

Malo achinayi ndi kuseri kwa mpando, m'ngodya ziŵiri za kebini. Pamenepa pamaloŵa masipika okulirapo, koma mawu amachokera kumbuyo kwa womvera, ndipo okwerawo amathera m'mpando. Kuti zikonzeke, ena amawonjezera timasipika ting'onoting'ono ta mawu okwera pansi pa mlomo wa dashibodi, toloza kwa okwera. Kasipika kotere sikalumikizidwa kopanda kapasita yake, imene imatsekereza besi kuti isakaotche.

Nanga zitseko? Zitseko zisiyidwe. M'kati mwake mumadutsa madzi a mvula, mumatsikira galasi, ndipo waya wopita kumeneko amapindika nthaŵi iliyonse chitseko chikatsegulidwa mpaka amaduka.

Ngozi ya petulo

Pali chinthu china chimene chingatayitse moyo. M'mapikapu ambiri akale thanki ya petulo ili m'kebini momwemo. M'mapikapu a Chevrolet a m'ma 1950 mpaka 1972 idaikidwa kuseri kwa mpando, ndipo m'ma Land Rover aafupi akale ili pansi pa mpando wa kumanja. Munthu woboola chitsulo asanayang'ane kuseri kwake angathe kuboola thanki kapena paipi ya mafuta. Ngakhale thanki yopanda petulo imakhala ndi mpweya wake, umene umayaka ndi kamoto kakang'ono kwambiri. Safunsa adadya phula. Lamulo n'lakuti pasabooledwe paliponse pamene dzanja kapena diso silinafike kuseri kwake, ndipo kumene kungatheke agwiritsidwe ntchito mabauti ndi mabowo amene alipo kale. Ngati m'kebini mukununkha petulo, choyamba kukonzedwa ndi fungolo, wailesi pambuyo.

Za magetsi

Asanagule chilichonse, mwini galimoto adziŵe magetsi a galimoto lake. Mawailesi a masiku ano amafuna mavoliti 12, ndipo amafuna kuti mbali ya negetivu ya batire ndiyo ilumikizidwe kuthupi la galimoto. Si magalimoto onse akale ali chomwecho. Mapikapu a Ford mpaka 1955 anali a mavoliti 6 ndipo ethi yawo inali ya pozitivu. Land Rover idasinthira ku ethi ya negetivu mu 1967. Wailesi yatsopano ikalumikizidwa ku galimoto la ethi ya pozitivu imapsa nthaŵi yomweyo. Njira ndi ziŵiri: kusintha magetsi a galimoto lonse kwa makaniko wodziŵa, kapena kugula kabokosi kosanduliza magetsi.

Mphamvu nayo iŵerengedwe. Dayinamo ya Lucas imene inali m'magalimoto ambiri a ku Britain imapereka maampu 22 okha, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono siitchaja konse. Nyali ndi zopukutira galasi zikatengapo gawo lake, chotsala n'chochepa. Ampulifaya yaikulu pa galimoto lotere idzasiya mwini wake akukankha usiku. Yaing'ono n'njokwanira, pakuti kebini ya pikapu ndi kachipinda kochepa.

Poyamba ntchito, waya wa ethi achotsedwe pa batire. Waya wa moto wochokera ku batire akhale ndi fiyuzi pafupi ndi batirelo, osapitirira masentimita 45, kuti akakhudza chitsulo panjira fiyuzi ndiyo ipse m'malo mwa galimoto. Paliponse pamene waya akudutsa m'bowo la chitsulo pakhale mphira yomuteteza, chifukwa misewu ya mabampu imasandutsa m'mphepete mwa bowo kukhala mpeni.

Sipika iliyonse ikhale ndi mawaya ake aŵiri ochokera ku wailesi. Kale amisiri ankakokera waya mmodzi, winayo n'kumumangirira kuthupi la galimoto. Mawailesi ambiri a lero amatumiza mphamvu m'mawaya onse aŵiri, ndipo kulumikiza mmodzi ku chitsulo kumawononga wailesi. Masipika a m'galimoto kaŵirikaŵiri ndi a ma ohm 4. Aŵiri akamangidwa pamodzi pa mawaya amodzimodzi amatsika kufika pa ma ohm 2, zimene zimatenthetsa wailesi yosapangidwira mtolo wotere.

Potsiriza, masipika onse akankhe mpweya nthaŵi imodzi. Imodzi ikalumikizidwa mozondoka, imakoka pamene inzake ikukankha, ndipo besi imazimirira. Kuyesa kwake n'kosavuta. Batire la tochi la mavoliti 1.5 likhudzitsidwe kwa kamphindi ku mawaya a sipika yaikulu, osati ya timawu tokwera. Pepala la sipika likatulukira kunja, waya amene ali kumutu kwa batire ndiye wa pozitivu.

Kuyesa asanamange

Mmisiri wanzeru samanga tsiku loyamba. Amaika masipika m'makatoni, nawasuntha uku ndi uku, namvetsera atakhala pa chiwongolero zitseko zili zotseka. Amayesa ndi mawu a munthu woŵerenga nkhani, pakuti khutu limadziŵa bwino liwu la munthu kuposa chida chilichonse. Liwulo likamveka ngati likuchokera pakati pa dashibodi, malowo ndi abwino. Likatsamira mbali imodzi, chosinthira cha kumanzere ndi kumanja chingakonze pang'ono. Kenaka amayendetsa galimoto pamsewu wafumbi, chifukwa phokoso la injini ndi la malata limameza besi imene imamveka bwino galimoto lili chiimire. Mphasa yochindikala pansi ndi zomata zoletsa chitsulo kunjenjemera nthaŵi zina zimathandiza kuposa kugula sipika yodula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ntchito ikatha, zotsala ndi ziŵiri. Zonse zimene zachotsedwa, chikuto chakale, sipika yakale ndi mabauti ake, zisungidwe m'bokosi pouma, kuti mwana kapena wogula wa m'tsogolo adzathe kubwezera galimoto mwakale. Ndipo woyendetsa akumbukire kuti khutu ndi chida chake cha pamsewu. Wailesi isakwere kufikira pobisa hutala ya galimoto la m'mbuyo, belu la njinga, kapena kaphokoso kachilendo ka injini kamene kamachenjeza zinthu zisanaipe. Mlendo akakwera, nayang'ana uku ndi uku osaona kumene nyimbo ikuchokera, koma akutha kucheza ndi woyendetsa popanda kukuwa, ndiye kuti mmisiri wagwira ntchito yake bwino.