PlayStation ikayaka n'kuzima, werengani masekondi musanaiwotche

M'tizipinda ta magemu ta ku Ndirande, Kawale kapena Chibavi, momwe anyamata amalipira kandalama kuti amenye mpira wa FIFA pa TV, pali phokoso limodzi limene mwini malo amaliopa kuposa mkangano wa makasitomala. Adina batani la PS4, makina alira kamodzi, nyali yabuluu iwala, fani itembenuka pang'ono, kenako zii. Adinanso, n'chimodzimodzi. Pasanathe mphindi zisanu alangizi adzaza pakhomo. Wina akuti yapsa, wina akuti akudziwa mmisiri amene amaiwotcha ndi mpweya wotentha n'kudzuka tsiku lomwelo. Ine ndikuona kuti malangizo awiri onsewa amaphetsa makina ambiri amene akanachira ndi ndalama yochepa. Makina amene ayaka n'kuzima okha sanafe ayi. Akana kupitiriza chifukwa apeza china chake chosalongosoka, ndipo kutalika kwa nthawi imene akhala oyaka asanazime ndi umboni woyamba wosonyeza komwe kuli vutolo. Umboniwu ndi waulere, koma ndi umene anthu amaudumpha.

Kuti izi zimveke, tiyenera kudziwa zimene zimachitika chala chikakhudza batani. PS4 ikangolumikizidwa kukhoma, ngakhale ikuoneka yozima, bokosi lake la magetsi limatulutsa kale mphamvu yochepa, pafupifupi mavolti 5, yodyetsa kachipangizo kakang'ono kamene amisiri amakatchula kuti syscon. Kameneka ndi mlonda wa nyumba yonse ndipo sikagona. Mukadina batani, kamalamula bokosi la magetsi kuti litsegule njira yaikulu ya mavolti 12, kenako kamadzutsa zigawo chimodzichimodzi mwadongosolo: timagetsi tating'ono ta pa bolodi, memory, ndi purosesa yaikulu yopangidwa ndi kampani ya AMD, imene imawerengetsa masamu komanso kujambula zithunzi. Chigawo chilichonse chimayenera kuyankha pa nthawi yake. Chimodzi chikapanda kuyankha, kapena magetsi akayamba kuthamangira pamalo osayenera, mlondayo amatseka zonse nthawi yomweyo kuti moto usafalikire. Choncho kulira kuja ndi kuwala kwa nyali kuja ndi nkhani yabwino ndithu: zikusonyeza kuti mlonda ali moyo, batani likugwira ntchito, ndipo mbali ina ya bokosi la magetsi idakali bwino. Makina opseratu salira n'komwe.

Apa ndi pamene wotchi imathandiza. Ngati makina azima pasanathe sekondi imodzi kapena ziwiri, n'zokayikitsa kwambiri kuti vuto ndi kutentha, chifukwa purosesa yozizira imene yagona usiku wonse pansi pa chitsulo chake chomwa kutentha siingafike poopsa m'kuphethira kwa diso. Kawirikawiri zimenezi zimaloza ku magetsi: mavolti 12 sanabwere, kapena abwera n'kugwa, kapena pali waya kapena kachipangizo kamene kagundanitsa magetsi pa bolodi. Ngati nyali yabuluu ikuphethira kwa masekondi angapo osasanduka yoyera, TV osaonetsa kanthu, kenako makina n'kuzima, ndiye kuti magetsi afika koma purosesa kapena memory sizinayankhe. Ndipo ngati makina ayaka bwinobwino, gemu iyamba, fani ikulira ngati chigayo, kenako patatha mphindi khumi kapena makumi awiri nyali isanduka yofiira n'kuzima, pamenepo ndiye tinganene za kutentha, fumbi ndi phala lomatira purosesa limene lauma. Awa ndi matenda atatu osiyana, koma mwini makina onse amawafotokoza ndi mawu amodzi, akuti "ikungozima". Mmisiri amene sanafunse kuti ikuzima patapita nthawi yaitali bwanji ali ngati dokotala wolemba mankhwala wodwala asanakhale pansi.

Kufufuza kumayenera kuyambira kukhoma, chifukwa kumeneko n'kotsika mtengo ndipo kuno kwathu n'kumene mavuto ambiri amabadwira. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, koma amene amafika ku makina atadutsa pa ekisitenshoni yotchipa, yonyamulanso TV, sipika ndi matchaja anayi, pulagi yake ili gwedegwede, sakhala okhazikika. Akamachokera ku jenereta yaing'ono kapena inivheta yolemedwa ndi katundu ndiye zimanyanya, chifukwa PS4 imakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi pa nthawi yodzuka, ndipo magetsi ofooka amagwa panthawi yomweyo. Zulani zonse, dikirani mphindi zingapo, lowetsani makina okha pa soketi yakukhoma, popanda cha USB chilichonse. Chingwe cha PS4 yoyamba ndi ya Slim n'chofanana ndi cha wailesi zambiri, chokhala ndi mutu wa timabowo tiwiri, ndiye kubwereka china kwa aneba sikovuta. Kenako gwirani batani osalisiya mpaka makina alirenso kachiwiri, patatha masekondi pafupifupi 7. Akalowa mu Safe Mode, dziwani kuti purosesa ndi magetsi zili moyo, ndipo vuto likhoza kukhala pa pulogalamu kapena pa hard drive, imene kampani ya Sony, yopanga PS4, inaiika poti mwini akhoza kuichotsa yekha osang'amba zomata za chitsimikizo.

Pali msampha wina umene umakola makamaka makina otumizidwa ndi achibale akunja. PS4 imalandira mavolti kuyambira 100 mpaka 240, kotero yochokera ku America kapena ku Japan imagwira ntchito kuno popanda chovuta. Koma Xbox 360 ndi Xbox One yoyamba ija ya 2013, makina a magemu a kampani ya Microsoft, zili ndi bokosi la magetsi lapadera, lokhala panja, ndipo mabokosi amenewa anapangidwa motsatira dera. La ku America limayembekeza mavolti osaposa 127, ndiye kulilowetsa pa soketi yathu n'kulipha. Zonsezi zinalembedwa pansi pa bokosilo, pongofunika kulitembenuza n'kuwerenga. Pa Xbox 360, kanyali ka pa bokosilo kakafiira, ndiye kuti bokosi lenilenilo laona vuto n'kudzitseka, ndipo kutsegula makina musanayese bokosi lina n'kutaya nthawi.

Zakunja zikalephera, wotsatira woyenera kumukayikira ndi bokosi la magetsi la mkati. Ndilo limalandira nkhonya iliyonse magetsi akathima n'kubwera mwamphamvu, ndiponso ndi malo ofunda ndi amdima amene mphemvu zimakonda. Amisiri a ku America, kumene nyumba zake timaziyesa zaukhondo, akhala akudandaula za mphemvu zofera m'mabokosi a PS4 n'kugundanitsa magetsi, ndiye palibe chochititsa manyazi ngati zapezeka m'makina a ku Mbayani. Kuyeza bokosili sikufuna nzeru zakuya. Mita yoyezera magetsi imaonetsa ngati mavolti 12 akubwera n'kukhazikika kapena ngati akungosuzumira n'kuthawa, ndipo mmisiri amene ali ndi bokosi lina lodziwika kuti ndi labwino, lofanana nambala, akhoza kusinthanitsa n'kupeza yankho mu mphindi zochepa. Chenjezo lokha ndi lakuti bokosili si loti munthu wosaphunzira alitsegule. Mkati mwake muli capacitor yaikulu yosunga mavolti opitirira 300 ngakhale chingwe chitazulidwa, ndipo imeneyo imapha munthu.

Tsopano tifike pa mtsutso waukulu. Alipo anthu ambiri amene anaona ndi maso awo makina akudzuka atawotchedwa ndi mpweya wotentha, ndipo sakunama. Funso ndi lakuti anadzuka kwa masiku angati, nanga chifukwa chiyani. Mbiri ya Xbox 360 imayankha bwino. Makinawa anatuluka mu November 2005, ndipo posakhalitsa ambiri anayamba kufa akuonetsa nyali zitatu zofiira kuzungulira batani. Mu July 2007 kampani ya Microsoft inavomera vutoli, inatalikitsa chitsimikizo kufika zaka zitatu, ndipo inapatula ndalama zoposa madola 1 biliyoni zokonzera. Pa nthawiyo kunafala nzeru yokulunga makina m'mathaulo ali oyaka kuti atenthe kwambiri, ndipo ena ankadzukadi, kwa sabata kapena mwezi, n'kufanso. Mu 2021, mu filimu yofotokoza mbiri ya Xbox, akuluakulu a kampaniyo analongosola kuti chimene chinkathyola timfundo tolumikiza purosesa kunali kutentha ndi kuzizira kobwerezabwereza. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndiye kamng'alu kamatsekeka kwa kanthawi, koma kuwotcha kulikonse ndi ulendo winanso wa kutentha ndi kuzizira komwe kunayambitsa mng'aluwo. Chowotcherera chopanda mtovu chimene chimagwiritsidwa ntchito m'makina amakono chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 217. Choumitsira tsitsi cha ku saluni sichifika pamenepo, pomwe mfuti ya mpweya wotentha yogwira pamanja imapitirira popanda woyeza, n'kupinda bolodi, n'kuphikanso tizipangizo toyandikana nato timene tinalibe mlandu.

Nkhani ya PlayStation 3 ikuphunzitsa zoposa pamenepa. Makina oyambirira aja, onenepa, a 2006 ndi 2007, ankayaka, nyali n'kuthwanima yachikasu, kulira katatu, n'kuzima. Kwa zaka zambiri yankho la aliyense linali kuwotcha chipangizo chojambula zithunzi chotchedwa RSX. Patapita nthawi okonda makinawa anaphunzira kuwerenga manambala a zolakwika amene syscon imasunga, ndipo anapeza kuti nyali yachikasu ija inkabisa mavuto osiyanasiyana: kwina RSX inalidi yowonongeka, kwina anali ma capacitor a NEC/Tokin otopa, kwina anali magetsi ena a pa bolodi. Mlonda uja ankalemba m'kaundula wake chifukwa chimene watsekera chitseko, koma anthu anali kalikiliki kuyatsa moto osatsegula kaundulayo. Sindikukana kuti purosesa imawonongeka. Imawonongekadi, ndipo mmisiri wokhala ndi makina oyenera, otenthetsa bolodi pansi ndi pamwamba pa mlingo woyezedwa, ali ndi ntchito yake yolemekezeka. Koma ntchito imeneyo ndi yomalizira, yochitika zina zonse zitayezedwa n'kupezeka zabwino.

Ena anganene kuti zoyezayezazi n'za amisiri a ku Johannesburg kapena London, pomwe wathu wa mumsika alibe zida ndipo kasitomala akufuna makina ake madzulo omwewo. Mfundoyi ili ndi chilungamo chake, poti mmisiri amene wanena kuti "ndiyambe ndafufuza" amaoneka ngati sadziwa ntchito poyerekeza ndi amene wangoyatsa mfuti yake. Komabe mita yoyezera magetsi ndi yotsika mtengo kuposa kontirola imodzi yeniyeni ya PS4, ndipo kuwerenga masekondi, kusintha soketi ndi kuchotsa hard drive sikulira khobidi. Chimene chimasowa si zida koma chizolowezi, ndipo chizolowezi chimasintha eni makina akayamba kufunsa. Mwini ali ndi ufulu wonena kuti, "Achimwene, musanawotche mundiuze kaye mwayeza chiyani, ndipo mwapeza mavolti angati." Mmisiri wabwino sakwiya nalo funso limeneli. Amene wazemba kuyankha, ndi bwino kumuthokoza n'kunyamula makina anu.

Enanso amati PS4 ndi makina a 2013, akalamba, bola kungogula ena. Kwa munthu wolandira mapaundi mwina n'zomveka, koma kwa wogula ndi makwacha, makina "ena" amenewo nthawi zambiri amakhala ogwiritsidwapo kale ntchito, a zaka zomwezo, okhala ndi fumbi lawolawo mkati. Sony anagulitsa ma PS4 oposa 117 miliyoni, zomwe zikutanthauza kuti mabokosi a magetsi, mafani ndi zina zochotsedwa m'makina akufa zilipo zochuluka padziko. Kusintha bokosi la magetsi kumadya gawo lochepa chabe la mtengo wa makina athunthu. Pomwe ndimavomereza kuti kutaya kuli ndi nzeru ndi pamene kuyeza kwasonyezadi kuti purosesa ndiyo yatha, chifukwa pamenepo mtengo wokonza umayandikira wogula, ndipo palibe angalonjeze kuti makinawo akhalitsa.

Ngakhale zitafika potero, pali chinthu chimene ambiri amachidziwa mochedwa. Zimene zili pa hard drive ya PS4 zimamangidwa ndi kiyi wa makina omwewo, moti mukaichotsa n'kuiika mu PS4 ina, makina atsopanowo amafuna kuifufuta kaye asanaigwiritse ntchito. Timu imene mnyamata wakhala akuimanga kwa chaka chathunthu imapita limodzi ndi bolodi yowotchedwa molakwika. N'chifukwa chake makina akangodzuka, kaya atasintha soketi kaya atakonzedwa, ntchito yoyamba ndi kukopera zosungidwa zonse pa flash, gemu isanayambe. Yachiwiri ndi kuwachotsa m'kabati yotseka n'kuwaika pamalo opita mphepo, pamwamba osati pansi pomwe tsache limaulutsa fumbi, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Ndipo m'dera limene magetsi amathimathima, kuwasiya akugona mu Rest Mode, nyali ili yaolenji, n'kuwaika pangozi: azimitsidwe kotheratu, nyali ithime, pulagi izulidwe kukhoma, ndipo magetsi akabwera padutse mphindi zingapo asanalumikizidwenso.