Mtima wothandiza: mwana amabadwa nawo kapena amachita kuphunzira?

Lero tikamba za ana, koma inu amene mulibe mwana musatseke ayi, pajatu tonsefe ndife amalume kapena azakhali a winawake.

Pali dandaulo limene silisowa Amalawi akunja tikakumana: ana okulira kuno ndi omana, satumika, ukawapempha madzi akumwa amayamba ayang'ana kaye foni. Ena amati n'chibadwa, ena amati n'kusowa mkwapulo. Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndipo makina akavuta timayamba tafunsa kuti, kodi adabwera chonchi kuchokera kufakitale, kapena pali chimene chidasintha m'njira? Tiyeni tifunse funso lomweli pa mwana.

Zimene mwana amabwera nazo

Mu 2006, akatswiri awiri a ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig ku Germany, Felix Warneken ndi Michael Tomasello, adayesa ana a miyezi 18, oti ngakhale kuyankhula sadayambe bwinobwino. Munthu wamkulu ankayanika nsalu pachingwe, kenako n'kugwetsa chopanira, n'kumatambasula mkono koma osachifikira. Ana aja ankapita kukachitola n'kumupatsa. Palibe adawatuma, palibe adawalonjeza switi. Koma munthuyo akachiponya pansi mwadala, ana ambiri sankachitola. Mukuona? Kamwana ka chaka chimodzi ndi theka kamasiyanitsa kale munthu amene wavutika ndi amene sakufuna thandizo.

Mu 2008 akatswiri omwewa adayesanso ana a miyezi 20. Ena akathandiza ankawayamikira, ena sankawauza kanthu, ena ankawapatsa kachoseweretsa. Mphatso zija zitasiya, ana amene adazolowera kulandira ndi amene adachepetsa kuthandiza. Apa mumvetsetse, inu amene mumati "ukasesa ndikupatsa ma riyal 5". Malipiro amamuphunzitsa mwana kuti kuthandiza ndi ganyu, ndipo ganyu amatha ndalama zikatha.

Kugawa kumachedwerapo

Kutolera munthu chinthu sikukudyera kalikonse, koma kunyema bisiketi wako kumapweteka. N'chifukwa chake kugawa kumabwera mochedwa. Mu 2008, Ernst Fehr wa ku yunivesite ya Zurich ndi anzake adapatsa maswiti ana a ku Switzerland a zaka 3 mpaka 8, kuti asankhe kudya okha kapena kugawana ndi mnzawo. A zaka 3 ndi 4 ambiri ankadziganizira okha. Pofika zaka 7 ndi 8, ambiri ankafuna kuti zilingane. Ndiye mwana wa zaka 3 akamalira kuti "changa! changa!" musamutchule dzina la womana pagulu. Nthawi yake sinakwane basi.

Komabe pali chimene chimafulumizitsa. Mu 2011, Katharina Hamann ndi anzake a ku Leipzig komwe kuja adaika ana awiriawiri a zaka 3 pa chipangizo chofuna kuti akoke chingwe onse pamodzi kuti timipira tituluke. Adachitchera mwakuti wina alandire 3, mnzake 1. Ana akakoka limodzi, wamwayiyo kawirikawiri ankapatsako mnzake kamodzi kuti akhale ndi tiwiritiwiri. Timipira tikangobwera tokha popanda kugwirira limodzi, kugawako kunkachepa kwambiri. Thukuta logawana ndi limene limabala kugawana chakudya. Agogo athu amene ankalimitsana pa dima, kenako n'kumwera thobwa chikho chimodzi, akadamva izi akadangoti, "Nanga mudapita mpaka ku Germany kukafufuza zimenezo?"

Zimene akuluakulu a ku Katete adanena

Kafukufuku amene amandigwira mtima kwambiri adachitika pakati pa Achewa anzathu. M'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell, amene pambuyo pake adakhala mkulu wa University of Zambia, adapita m'midzi ya m'boma la Katete kum'mawa kwa Zambia. Ankafunsa akuluakulu mafunso onga awa: nyumba itagwira moto pali ana okhaokha, mungatume uti kukaitana anthu, ndipo chifukwa chiyani? Mayankho awo adaonetsa kuti nzeru, kumeneko amati nzelu, zili ndi mbali ziwiri. Ina ndi kuchenjera, kugwira zinthu msanga. Ina ndi kutumikira, kutanthauza mwana womvera, wokhulupirika, woti ukamutuma umagona tulo. Kuchenjera kopanda kutumikira akuluakuluwo sankakuyesa nzeru zenizeni. Serpell adalemba izi m'buku lake la mu 1993, The Significance of Schooling.

Nanga kutumikirako kumakula bwanji? Beatrice ndi John Whiting a ku Harvard, m'buku lawo la mu 1975, adafanizira ana a m'madera 6: ku Kenya, Mexico, Philippines, India, Okinawa ndi United States. Ana amene ankathandiza anzawo kwambiri adali a ku Kenya, Mexico ndi Philippines, kumene mwana ankalera mng'ono wake, kutunga madzi kapena kuweta ziweto, ntchito zoti akazisiya banja lonse limamva kuwawa.

Ambirife tidakula chonchi. Ukafika zaka 6 akubereketsa khanda. Akutuma kukapempha mchere kwa anansi. Nthawi yokolola ikatha mumapita kumasanje, wina wabweretsa ufa, wina nkhuni, wina masamba, nsima n'kudyera mbale imodzi. Sikuti zonse zinali zokoma ayi. Mtolo waukulu unkagwera atsikana, ena mpaka kujomba kusukulu, anyamata ali kumpira. Zimenezo tisazibweretse kuno. Chimene tikufuna kutengako n'chimodzi: mwana ankadziwa kuti pali anthu amene akumudalira.

Za kuno ku Doha

Tsopano taonani moyo wa mwana wa kuno. Amakhala m'nyumba ya m'mwamba. Kuyambira June mpaka September kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye kusewera panja masana n'kosatheka. Basi ya sukulu imamutenga pakhomo n'kudzamusiya pakhomo. Madzi ali pampopi, chakudya timaitanitsa pa foni, m'mabanja ena muli wantchito. Agogo ndi asuweni amawaonera pa WhatsApp. Palibe choipa chimene mwanayu wachita. Pulogalamu ija adabwera nayo ilimo ndithu, kungoti palibe amene akuitsegula, chifukwa tsiku lonse limatha popanda munthu womusowa.

Eni dziko lino nawo ali ndi njira zawo. Usiku wa pa 14 m'mwezi wa Ramadan kumakhala Garangao: ana amavala zachikhalidwe, kunyamula timatumba, n'kumayenda khomo ndi khomo akuimba, anthu n'kumawapatsa mtedza ndi maswiti. Mwana amaona ndi maso ake mudzi wonse ukupatsa. Chaka chamawa, m'malo moti wanu angolandira, mukhale naye pansi alongedze timatumba ta ana a anansi, ndipo akapereke yekha.

Ndiye tichite chiyani?

Choyamba, mupatseni ntchito yeniyeni yothandiza ena, osati kungoyala bedi lake lokha. Wa zaka 2 atha kukupatsirani zopanira. Wa zaka 6 atha kuika mbale patebulo. Wa zaka 12 atha kuphika mpunga wa banja lonse. Mnyamata ndi mtsikana chimodzimodzi. Adzachedwa, adzataya madzi pansi, inu mungopirira, musamulande ntchitoyo.

Chachiwiri, musamulipire. Muthokozeni ndipo mumuuze chimene chachitika: "Wandithandiza, taona tadya msanga."

Chachitatu, ana akabwera kudzacheza, apatseni chinthu choti achite limodzi, monga kukanda ufa wa mandasi, kenako muwasiye agawane okha.

Chachinayi, zimene mumachitira achibale musazibise. Mukamatumiza ndalama ya feteleza kwa agogo, mumuuze. Mukamalongedza sutikesi yopita kumudzi, iye asankhe chimene akapatse msuweni wake.

Mwina mukuti izi ndi zazing'ono. Koma ganizirani mmene timakhalira kunja kuno. Mnzathu ntchito ikamuthera, amagona pa matiresi a wina. Wina akamwalira, timasonkha kuti thupi likaikidwe kwawo. Palibe lamulo lotikakamiza. Timachita chifukwa wina adatituma mchere tili ndi zaka 5, n'kutikhulupirira kuti tibwera nawo. Zaka 20 zikubwerazi, osonkhawo adzakhala ana amene lero ali pa tabuleti m'chipinda chinacho. M'mera mpoyamba, abale anga.

Inuyo ntchito yoyamba imene adakutumani muli mwana inali yotani? Ndipo amene mukulera kunja kuno, mwapeza njira yanji? Titumizireni uthenga wa mawu, ena tidzawaulutsa m'pulogalamu yotsatira. A ku Doha musaiwale kumwa madzi.